Mbuda mmodzi pa Chiponde

Mukachoka pa Boma la Mangochi n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, mumakwera mapiri a msewu wokhotakhota, kudutsa Namwera, kenako mwafika kwathu ku Chiponde. Kuno n'kumalire. Kutsidya kuli Mandimba, tawuni ya m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, kumene msewu umagawikana, wina kulowera ku Cuamba, wina ku Lichinga. M'mamawa timadzutsidwa ndi azana ya kumzikiti, usiku timagona mochedwa chifukwa cha njinga zamoto za kabaza ndi anyamata osinthitsa makwacha ndi meticais. Ambiri ndife Ayao ndiponso Asilamu, Akhristu nawo alipo ndi matchalitchi awo. Kachisi wa Chibuda palibe. Mbuda amene ndikumudziwa pano ndi mmodzi yekha, mwana wa mlongo wanga.

Ine ndine mjomba wake, ndipo pa Chiyao mwana wa mlongo wako akalakwa anthu amabwera pakhonde pako, osati kwa bambo ake. Motero kugwa kwake ndi kudzukanso kwake ndazionera pafupi, ine Msilamu wopuma pa uphunzitsi amene tsopano ndimagulitsa sopo ndi shuga pa okala. Dzina lake sinditchula. Wandilola kulemba, koma akuti akufunabe kudzapeza mbeta pomwe pano.

Mwina mukufunsa kuti mwana wa Chiyao angakhale bwanji Mbuda. Mu 1992 mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, anatumidwa ku South Africa ndi gulu la Fo Guang Shan kukayambitsa kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, kum'mawa kwa Pretoria. Ataona unyinji wa ana amasiye amene Edzi inkasiya m'maiko athu ano, anayamba ntchito yolera ana, ndipo malo oyamba a Amitofo Care Centre anatsegulidwa kuno kwathu, ku Mapanga pa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba, cha m'ma 2004. Nthawi imeneyo Malawi anali paubale ndi Taiwan. Boma la Bingu wa Mutharika linatembenukira ku Beijing kumapeto kwa 2007, koma ntchito ya anawo inapitirira, ndipo malo ena otere anamangidwa ku Lesotho, Eswatini ndi Namibia. Ana a kumeneko amaphunzira za sukulu monga anzawo onse, n'kuwonjezerapo Chitchaina ndi kung fu. Amadzuka kusanache kukachita mapemphero m'kachisi, ndipo nyama sadya. Mu 2019 Nicole Schafer wa ku South Africa anatulutsa filimu yotchedwa Buddha in Africa, yolondola moyo wa mnyamata wa Chiyao wokulira pamalopo, amene akapita kumudzi ankavutika kucheza ndi abale ake m'chiyankhulo cha makolo ake. Zoterezo ifenso tinaziona m'banja mwathu.

Mlongo wanga anamwalirira ku Bangwe mwanayo ali wamng'ono, ndipo akuchimuna ndi amene anamupezera malo kwa Abudawo. Anakula, analemba mayeso a Fomu 4, napeza ntchito yomasulira Chitchaina pa kampani ina yomanga misewu. Ntchitoyo itatha anabwera kuno ndi kandalama, nagula njinga yamoto. Anali mnyamata woongoka msana, wodzuka tambala woyamba, wopatsa moni atagwirizanitsa zikhatho pachifuwa. Ana ankamulondola kuti awaonetse kudumpha kwa kung fu. Amayi a m'mudzi ankauza ana awo aamuna kuti atengere chitsanzo, ngakhale ankanong'onezana kuti amapembedza fano.

Choyamba kutha chinali kudzuka kwa mbandakucha kuja. Makasitomala a pachipata cha malire amafuna njinga m'mamawa, choncho mapemphero anawasunthira madzulo, ndipo madzulo thupi linkakhala litatopa. Aliyense amene anakulira pamalo oyendera belu, kaya kusukulu yogonera konko, kuseminale kapena kuusilikali, amalidziwa vutoli: belu likasowa, umazindikira kuti zambiri zimene unkaziyesa khalidwe lako zinali kugwiridwa ndi belulo. Kenako kunabwera nyengo ya kusowa kwa mafuta m'dziko muno, pamene zigubu za petulo wa kutsidya zinasanduka golide. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogwira meticais ankadziona ngati bwana. Mnyamatayu anayamba kugona ku Mandimba. Mowa wa m'mabotolo unatsegula njira, kachasu natsatira, kenako kubetcha mpira wa ku England pa foni. Njinga anaipinyolitsa kwa wakatapila. Pomaliza anatenga ndalama ya feteleza imene anganga ake, mayi anga, anamutuma nayo pa Namwera, naimwera, n'kudzanena kuti feteleza watha m'mashopu.

Mbuda wamba, amene si mmonke, amalonjeza zinthu zisanu: kusapha chamoyo, kusatenga chimene sanapatsidwe, kusachita chiwerewere, kusanama, ndi kusamwa zoledzeretsa. Aphunzitsi a Chibuda a ku China ali ndi nthano yakale imene amaikonda pofotokoza chifukwa chimene mowa unaikidwira pamndandandawu. Munthu wina wosunga malonjezo anabwera kunyumba ndi ludzu, napeza chikho cha mowa woyera ngati madzi, namwa. Ataledzera, nkhuku ya mnansi inalowa pabwalo pake, naigwira, naipha, naidya. Mkazi wa kwa mnansiyo atabwera kudzafunafuna nkhukuyo, anagona naye mokakamiza. Atamutengera kubwalo la milandu, anakana zonse. Malonjezo onse asanu anathera m'chikho chimodzi tsiku limodzi. Nditamva nthanoyi ndinaseka, chifukwa mafumu athu amaweruza milandu yonga imeneyi chaka ndi chaka. Palinso chiphunzitso chimene Buddha anapereka kwa mnyamata wina, Sigala, ku Rajagaha, chotchula zoipa zisanu ndi chimodzi za uchidakwa: chuma kutha, ndewu, matenda, mbiri kuipa, kudzivula pagulu ndi nzeru kufooka. Mwana wa mlongo wanga anali atakwanitsa zisanu, ndipo ndikuthokoza kuti zovala sanavule.

Koma chimene ndinachedwa kuchiona n'chakuti mowa sindiwo unamutsekera njira yobwerera. Panali miyezi imene analibe ngakhale ndalama yogulira kachasu, akungokhala pansi pa mtengo wa mango kuonerera bawo, maso ali gwa. Kachifanizo kake ka Buddha ndi mikanda yake yopempherera anali atazikulunga mu jumbo n'kuzisomeka kudenga. Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Iwe, bwanji sukuchitanso zija za m'mamawa? Paja unkati zimakukhazika mtima pansi." Anayankha akuyang'ana pansi: "Amjomba, manja awa ndi amene anatenga ndalama ya Anganga. Ndigwire nawo mikanda?" Anzake amene anakula nawo akamuimbira foni, sankayankha. Manyazi anamugwira nthawi yaitali kuposa mowa, ndipo manyazi omwewo ndi amene ankamubwezera ku mowa akapeza kakobiri, chifukwa munthu amene wadziweruza kale kuti ndi wotayika saona chimene angatetezenso.

Apa mpamene Chibuda chinandidabwitsa, nditayamba kuwerenga timabuku take ndi kumufunsa mafunso. Ife Asilamu tikachita toba timadziwa kumene tikuyang'ana: timasiya tchimolo, timamva chisoni, timatsimikiza kusabwererako, timabweza za eni, ndipo timayembekezera chifundo cha Allah. Akhristu nawo amalapa kwa Mulungu. Buddha, Siddhartha Gautama, anali munthu wobadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ndipo sanadzitche Mlengi kapena woweruza. Pa Chibuda chimene wachita chimabala zipatso zake, ndipo palibe wokwiya amene uyenera kumupepesa kumwamba, palibenso amene angafafanize mlanduwo ndi dzanja. Malonjezo asanu aja amatengedwa ngati maphunziro amene munthu wadzipereka yekha kuwaphunzira. Ukalephera, umavomera poyera kuti walephera, umakonza chimene chingakonzeke, n'kulonjezanso. M'maiko monga Sri Lanka ndi Thailand anthu amabwereza malonjezowa nthawi iliyonse akapita kukachisi, wogwa dzulo ndi wosagwa atakhala pa mphasa imodzi. Ine pa zimenezi ndili ndi chikhulupiriro changa ndipo sindinachisinthe. Komabe monga mphunzitsi wakale ndinazindikira nzeru yake msanga, poti mwana wolephera samu sumuthamangitsa m'kalasi, umamupatsa ina mawa.

Ngakhale amonke eni ake ali ndi dongosolo la kugwa ndi kudzuka. Kawiri pamwezi, mwezi ukakhala wathunthu ndi pamene uli mumdima, amasonkhana kuwerenga malamulo awo, amene kwa amonke a ku Sri Lanka ndi Thailand alipo 227, ndipo asanayambe aliyense amaulula kwa mnzake pamene waphonya. Milandu yochotsetsa munthu pa umonke mpaka kalekale ndi inayi yokha: kugonana, kuba, kupha munthu, ndi kunama kuti wafika pa uzimu umene sanafikepo. Kumwa mowa kuli m'gulu la milandu youlula n'kupitiriza.

Mabuku awo sabisa anthu ofooka. Muli nkhani ya Cittahattha, mlimi wa ku Savatthi amene ng'ombe yake inasochera. Ataifunafuna mpaka njala kumupweteka, analowa kwa amonke, namupatsa chakudya chotsala. Ataona kukoma kwake anaganiza kuti kulima n'kudzivuta, nameta mpala nakhala mmonke. Atanenepa anasowa mkazi wake, nabwerera kumudzi. Kumudzi khasu linamuwawa, napitanso kwa amonke. Anachita zimenezi kasanu ndi kamodzi, amonke akumuseka koma akumulandirabe, ndipo ulendo wachisanu ndi chiwiri anakhazikika mpaka kufika pamapeto pa njirayo. Mulinso Sarakani, wa fuko la Buddha mwini ku Kapilavatthu, amene ankadziwika ndi kumwa. Atamwalira, Buddha ananena kuti munthuyo anali atalowa kale m'njira yosabwerera m'mbuyo, ndipo abale ake anang'ung'udza kuti ngati ndi choncho ndiye aliyense angathe. Nkhani iyi zidakwa zingaikonde, choncho ndinamukumbutsa mnyamatayu mathero ake, amene amati Sarakani pofika nthawi ya imfa yake anali atagwiritsa maphunzirowo mokwanira. Ndinamufunsa ngati iye akulidziwa tsiku lake, poti njinga zamoto za pa msewu wa Namwera sizipereka chenjezo.

Chimene chinamutembenuza sichinali chozizwitsa. Mnzake wina wa ku Mapanga, amene tsopano amamasulira Chitchaina ku Lilongwe, anatopa ndi kuimba foni yosayankhidwa, nakwera basi nabwera. Anagona masiku awiri. Sanamulalikire. M'mamawa anangomudzutsa, natsitsa jumbo ija kudenga, napukuta fumbi, nayamba mapemphero ngati kuti anasiyana dzulo. Asananyamuke anamuperekeza kwa anganga ake. Mnyamatayu anagwada pakhomo, naulula za ndalama ya feteleza. Mayi anga anamuyang'ana nati, "Ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndimadikira kuti ubwere wekha." Ndalamayo anaibweza pang'onopang'ono ndi maganyu osenza katundu pachipata.

Zimene amachita tsopano n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za kukachisi, ndipo akuti anachepetsa dala, chifukwa ulendo woyamba anagwa pofuna kusunga zonse kapena kusiya zonse. Belu lake ndi azana yathu ya m'bandakucha. Ife tikamapita kumzikiti, iye amasamba kumaso, amayatsa lubani, amagwada katatu mphumi kufika pansi, natchula pothawira patatu pa Mbuda aliyense: Buddha, chiphunzitso chake, ndi gulu la otsatira njirayo. Akatero amanena malonjezo asanu aja, a tsiku limenelo lokha. Kenako amatenga mikanda yake 108 n'kutchula dzina la Amituofo pa mkanda uliwonse, monga amachitira Abuda ambiri a ku China ndi Taiwan. Dzina limenelo ndi lomwe lili pa chikwangwani cha ku Mapanga. Kwa ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Tasbihi yathu ili ndi mikanda 33 kapena 99, Akatolika a pa Namwera ali ndi korona, ndipo amene anaonapo akuluakulu a Kadiriya akuchita sikiri amadziwa mmene mpweya ndi dzina lobwerezedwa zimagwirira mtima wa munthu.

Pomaliza amakhala chete kuwerenga mpweya wake. Akapumira kunja, imodzi, akapumiranso, ziwiri, mpaka khumi, n'kuyambiranso. Maganizo akathawira ku ngongole ya wakatapila kapena ku mpira wa Loweruka, akangozindikira amabwerera pa imodzi, osadzitukwana. Ndinayesako tsiku lina pa okala panga, ndipo pofika pa zinayi ndinali nditayamba kuwerengetsera mtengo wa shuga. Iye akuti m'mawa umodzi munthu amasochera ndi kubwerera kambirimbiri, ndipo aphunzitsi ake ankati kubwererako ndiye ntchito yeniyeniyo. Munthu amene wazolowera kubwerera pa mpweya m'mamawa uliwonse savutika kwambiri kubwerera akaphonya pa zazikulu.

Ndipo anaphonyadi. Pa chikondwerero cha chaka chatsopano anawolokera ku Mandimba ndi anzake akale, nabwera usiku akudzandira. Madzi saiwala khwawa, anatero amayi a pamsika. M'mawa mwake ndinamva fungo la lubani m'chipinda mwake, ndipo ndinapsa mtima kuposa mmene ndinapsera usiku. Ndinamuuza kuti, "Iwe, ichi n'chinyengo. Dzulo kachasu, lero lubani, matsire asanathe n'komwe?" Anandiyankha mwaulemu: "Amjomba, ndikadikira kuti ndiyere kaye, ndidzadikiranso chaka ngati kale lija. Lero ndiye tsiku limene ndikuwafuna kwambiri malonjezowa." Anandifotokozera kuti Chibuda chimasiyanitsa zinthu ziwiri. Manyazi amene amakugwira dzanja usanachite choipa chimawatamanda ngati mlonda wa dziko. Koma kudzidya mumtima kosalekeza pa zimene zachitika kale chimakuika pa zotchinga zisanu za maganizo, limodzi ndi chilakolako, chidani, ulesi ndi chikaiko.

Ndinaganizira mawu amenewa kwa nthawi. Ngozi yake ndi yoonekeratu: chipembedzo chilichonse chokhala ndi khomo lobwererapo chimatha kusanduka malo ochapira, kumene munthu amadetsa dala podziwa kuti sopo alipo. Timawadziwa anthu amene amasiya mowa mwezi wa Ramadani wokha, ndi ena amene amalapa Lamulungu lililonse tchimo lomwelomwelo. Ine muyeso wanga ndi wa munthu wa malonda. Ndimayang'ana ngati ngongole zikubwezedwa, ngati mpata pakati pa kugwa ndi kugwa ukutalika, ndi ngati munthuyo wasintha njira imene amadzera. Mnyamatayu atagwa ulendo uwu anafufuta za kubetcha pa foni, anasiya kugona kutsidya, ndipo ndalama za tsiku amasungitsa kwa mkazi wanga. Njinga imene akuyendetsa tsopano ndi ya munthu wina, ndipo anasamukira pa siteji ina kutali ndi anzake a mowa aja.

Kusamukako kunali kofunika kuposa lubani. Ananda, wothandiza wa Buddha, ananenapo kuti kukhala ndi abwenzi abwino ndi theka la moyo woyera, ndipo Buddha anamuwongolera kuti ndi moyo wonsewo. Mbuda wa ku Taipei kapena ku Colombo akagwa, kachisi ali pafupi, mmonke alipo, anzake alipo. Wa pa Chiponde ali ndi gulu la pa WhatsApp la anzake okula nawo, omwazikana ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunja. Amakumbutsana za tsiku loyamba ndi la 15 pa kalendala yoyendera mwezi, masiku amene Abuda ambiri a ku China sadya nyama ndipo amachita mapemphero olapa. Mwezi timauyang'ana tonse, iye ndi ife, aliyense pa chifukwa chake. Ndionjezepo chimodzi kwa owerenga amene ali ndi m'bale womwa kwambiri tsiku ndi tsiku: munthu wotere akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kuona zinthu kulibe, ngakhale kukomoka, ndipo zimenezo zimafuna chipatala, osati mikanda yokha. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Wathuyu sanafike pamenepo.

Za ndiwo anagwirizana nazo pakati. Ku Mangochi kukana usipa n'kukana chakudya, ndipo anganga ake sangaphike miphika iwiri. Kusadya nyama konse ndi mwambo wa Abuda a ku China makamaka, pamene a ku Thailand ndi Sri Lanka ambiri amadya, bola asaphe okha. Choncho masiku wamba amadya chimene chaphikidwa, masiku awiri aja amadya nyemba kapena chisoso, ndipo nkhuku sazinga. Apa sipanakhale mkangano, poti ngakhale akanafuna, pakhomo pathu palibe amene angadye nkhuku yozingidwa ndi munthu wosaswali.

Mkangano uli pa zina. Mayi anga, ataona kuti mdzukulu wawo wayambanso kudzuka m'mamawa, anasangalala sabata imodzi, kenako anayamba kudandaula. Pamene ankamwa, akuti, anali Msilamu wosochera amene tsiku lina akanabwerera kumzikiti wa makolo ake. Tsopano wabwerera, koma kwina. Funso lawo ndi limene aliyense wa kuno amafunsa: akadzamwalira adzamusambitsa ndani, adzamuswalira ndani, adzagona manda ati? Nanga banja liti lidzapereke mwana wawo wamkazi popanda ndowa, ukwati wa Chisilamu? Mnyamatayu anayankha kuti pa maliro a m'mudzi amakumba nawo manda, pa sadaka amatunga madzi ndi kuwaza nkhuni, ndipo akukhulupirira kuti amene iye wawakumbira abale awo sadzamusiya pabwalo. Anganga ake anati kukumba manda si chipembedzo. Nkhaniyi tagwirizana kuti tidzaikhalire pansi ndi akuluakulu a mbumba tikakolola. Shehe wathu wavomera kudzakhalapo, ndipo wapempha kuti mnyamatayo adzabwere ndi timabuku take, makamaka kamene kali ndi nthano ya nkhuku ija, chifukwa akuti pali anyamata ena a pa siteji amene akufuna kuti adzaimve.